Kodi ndidziikire zolinga zotani kuti ndidziwedi kupanga mawebusaiti?

Mnyamata wina wa ku Nchalo, amene amagwira ntchito pamalo otayipa ndi kusindikiza makalata, wafunsa kuti: “Ndili ndi laputopu yakale ndipo kwa nthawi yaitali ndakhala ndikuonera mavidiyo ophunzitsa kupanga mawebusaiti. Ndinayamba ndi HTML, ndinalawako PHP, kenaka anzanga anandiuza kuti ntchito zili ku React, ndipo tsopano ena akuti ndiphunzire Python. Ndikamatsatira vidiyo zonse zimayenda bwino, koma ndikatsegula tsamba lopanda kanthu sindidziwa poyambira. Kodi ndidziikire zolinga zotani kuti chaka chino ndione kusintha?”

Achimwene, vuto limene mwalongosolali ndi lodziwika bwino pakati pa anthu amene akudziphunzitsa okha ntchito imeneyi, ndipo gwero lake si kuchepa kwa nzeru kapena kukalamba kwa laputopu yanu. Gwero lake ndi mtundu wa zolinga zimene mwakhala mukudziikira. Cholinga chakuti “ndiphunzire React” chilibe mathero ooneka, pakuti palibe tsiku limene mungadzuke n’kunena motsimikiza kuti lero ndamaliza, ndipo chifukwa cha chimenecho mawu a mnzanu aliyense amatha kukupatutsani. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo m’ntchito yathuyi mwambiwu umapherezera kawirikawiri, popeza zida zatsopano zimatuluka pafupipafupi ndipo chilichonse chimabwera ndi anthu ochitamanda. Langizo langa lalikulu ndi lakuti cholinga chanu chikhale chinthu chogwira ntchito, chimene munthu wina wa kwanu komweko adzayambe kugwiritsa ntchito pofika tsiku limene inu mwatchula, ndipo luso lililonse muziliphunzira pa nthawi imene chinthucho chikulifuna.

Tiyambe ndi chifukwa chimene mavidiyo amakuchititsani kumva ngati mwadziwa. Munthu wophunzitsa pa vidiyo amakhala atapanga kale zisankho zonse zovuta asanayatse kamera: mayina a mafayilo wasankha kale, kakhalidwe ka matebulo a mu database (nkhokwe yosungiramo uthenga wa pulogalamu) wakonza kale, ndipo zolakwika zimene anakumana nazo wazidula. Inu mumatsala ndi ntchito yokopera, imene imaphunzitsa maso kuzindikira zinthu koma siphunzitsa mutu kuzitulutsa. Komatu ntchito yeniyeni ya wolemba mapulogalamu ndi zisankho zomwezo pamodzi ndi kufufuza chimene chalakwika, ndipo n’chifukwa chake tsamba lopanda kanthu limakuimitsani mutu. Mavidiyo musawasiyiretu, koma pa ola lililonse loonera muziikapo maola awiri olemba nokha vidiyo itatsekedwa, ndipo chimene mukulembacho chizisiyana ndi cha mphunzitsiyo. Iye akapanga tsamba logulitsira nsapato, inu pangani loonetsa mitengo ya mbuzi ndi ng’ombe pa msika wa Ngabu, kuti mukakamizike kuganiza nokha zimene tsambalo likufunika.

Za chilankhulo choti musankhe ndinena mwachidule, chifukwa nkhaniyi imadya nthawi ya achinyamata kuposa mmene iyenera. Tsamba lililonse limene mumatsegula pa foni kapena pa kompyuta latsamira pa zinthu zitatu: HTML (yoyala zimene zili pa tsamba) imene Tim Berners-Lee anayambitsa ku CERN, bungwe la kafukufuku wa sayansi ku Ulaya, ndipo inayamba kufalikira mu 1991, JavaScript (yochititsa tsamba kuyankha zimene munthu akuchita) imene Brendan Eich analemba mu 1995, ndi CSS (yokonza maonekedwe a tsamba) imene inakhazikitsidwa mu 1996. React (chida chomangira zigawo za tsamba zimene munthu amaona), imene Facebook inatulutsa mu 2013, inamangidwa pa JavaScript yomweyo, choncho munthu amene sanazike mizu mu JavaScript akathamangira ku React amangoloweza zinthu zimene sakuzimvetsa. Ku mbali ya server (kompyuta yosunga ndi kutumiza webusaiti), popeza munalawako kale PHP, khalani pomwepo pamodzi ndi SQL, chilankhulo chofunsira database. Mukaika XAMPP pa laputopu yanu mumakhala ndi server ndi database zogwira ntchito popanda intaneti, makampani osunga mawebusaiti pa mtengo wotsika pafupifupi onse amalandira PHP, ndiponso WordPress, imene mabungwe ambiri amapangira mawebusaiti awo, inalembedwa ndi PHP. Python ndi chilankhulo chabwino ndithu, koma chimene chikukuvulazani ndi kusamukasamuka, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi ndikupemphani kuti musasamukenso.

Tsopano tibwere ku chinthu choti mupange. Ndikadakhala inu ndikadasankha kaundula wa banki m’khonde, chifukwa kuyambira ku Dyeratu mpaka ku Bangula ndi ku Nsanje magulu amenewa ali ponseponse, ndipo mwina amayi anu kapena achemwali anu ali m’gulu lina. Ntchito imeneyi ndi yaing’ono moti munthu mmodzi angaimalize, komabe ili ndi chilichonse chimene wopanga mawebusaiti ayenera kudziwa: mafomu, masamu, kusunga zinthu, malipoti ndi chitetezo. Cholinga chachikulu chilembedwe motere m’kope lanu: “Pofika tsiku lakutilakuti, mlembi wa gulu lakuti azitha kulemba masheya ndi ngongole za msonkhano umodzi pa foni yake, ndipo zotsatira zake zizifanana ndi za m’buku.” Chiganizo chimenechi chili ndi munthu, tsiku ndi njira yoyezera, ndipo palibe amene angakutsutseni ngati mwachikwaniritsa kapena ayi.

Ntchito yoyamba pa cholinga chimenechi sifuna laputopu n’komwe. Pemphani chilolezo kwa wapampando wa gulu, mukhale pansi ndi mlembi, akuonetseni mmene buku lawo analigawira. Mufunse kuti sheya imodzi ndi ndalama zingati, munthu angagule masheya angati pa msonkhano umodzi, ngongole imaperekedwa mpaka pati poyerekeza ndi zimene munthuyo wasunga, chiwongoladzanja amachiwerengera motani, wochedwa kubweza amamulipiritsa chindapusa chanji, ndiponso thumba la zadzidzidzi limayendetsedwa bwanji. M’magulu ambiri munthu amagula masheya osapitirira asanu pa msonkhano ndipo amabwereka ndalama zosaposa katatu zimene wasunga, koma gulu lililonse lili ndi malamulo akeake, ndipo pulogalamu yanu iyenera kutsatira malamulo a gululo. Kumvetsa ntchito ya munthu wina mpaka kutha kuilemba pa pepala ndi luso limene palibe vidiyo ingakupatseni, ndipo olemba anthu ntchito amalifuna kwambiri.

Mukabwerako, jambulani matebulo papepala: tebulo la mamembala, la misonkhano, la masheya ogulidwa, la ngongole ndi la zobweza. Apa mudzakumana ndi zisankho zenizeni. Mwachitsanzo, mudzalakalaka kuika pa dzina la membala aliyense malo olembapo ndalama zake zonse, n’kumazisintha sabata ndi sabata, koma njira yabwino ndi yolemba kugula kulikonse pa mzere wakewake ndi tsiku lake, kenaka n’kusiya SQL kuti iziphatikiza yokha pamene mwaifunsa. Mukatero, tsiku limene membala adzatsutse ndalama zake mudzatha kumuonetsa msonkhano uliwonse umene anagula masheya. Mudzakumananso ndi khalidwe la manambala pa kompyuta: mukalemba 0.1 + 0.2 mu JavaScript yankho limatuluka 0.30000000000000004, chifukwa kompyuta imasunga zidutswa za manambala moyerekeza chabe. Pa ndalama za anthu kusiyana kotereku sikuloledwa, choncho muzisunga ndalama monga manambala athunthu a matambala, kapena mu database muzigwiritsa ntchito mtundu wa DECIMAL. Ndipo pa kugawana kwa kumapeto kwa chaka mudzalemba masamu amene gulu lonse limawadikira ndi mtima wonse. Tiyerekeze kuti m’bokosi muli K2,400,000 ndipo masheya onse ogulidwa ndi 1,500. Sheya imodzi ikhala K1,600, ndipo mayi amene anagula masheya 60 alandira K96,000. Nanga manambala akapanda kugawika bwino chonchi, zotsalira zipite kuti? Funso limenelo muyenera kukafunsa gulu, osati kuliyankha nokha. Njira yoyesera pulogalamu yanu ndi kulowetsamo manambala a chaka chatha ndi kuona ngati ikutulutsa zofanana ndi zimene anthu analandira.

Cholinga chachikuluchi chigaweni molingana ndi dongosolo limene luso limafunikira. Masabata oyambirira akhale a HTML ndi CSS zokha, kupanga mafomu ooneka bwino ndi osavuta kudina pa foni yaing’ono. Kenaka pabwere JavaScript yowerengera ndalama munthu akamalemba ndi yokana zolakwika, monga masheya oposa malire. Gawo la database ndi PHP lidzakutengerani nthawi yaitali kuposa ena onse, mwina miyezi iwiri kapena itatu, ndipo musadabwe nazo chifukwa ndi pamene pali phata la ntchitoyi. Mwezi womaliza usungidwe kuti pulogalamu ikhale m’manja mwa mlembi, inu muli chete pambali kuyang’ana pamene akukakamira. Pamenepo mudzaona kuti batani limene inu mumaliona poyera iye sakuliona, ndipo kukonza zimenezo ndi phunziro lalikulu palokha.

Zolinga za sabata ndi sabata ndizo zimene zimayendetsa zonsezi, ndipo kalembedwe kake n’kofunika. Musalembe kuti “sabata ino ndiphunzire mafomu”. Lembani kuti “pofika Loweruka, ndikalemba dzina la membala watsopano n’kudina batani, dzinalo lizioneka pa mndandanda ngakhale nditazimitsa laputopu n’kuiyatsanso”. Cholinga chotere mungachionetse kwa munthu wosadziwa kanthu za makompyuta ndipo iye angavomereze kuti chatheka. Sabata iliyonse ikhale ndi cholinga chimodzi chokha. Chikakukanikani masabata awiri otsatizana, musadziweruze kuti ndinu waulesi. Nthawi zambiri zimenezi zimasonyeza kuti cholingacho chinali chachikulu, ndipo chofunika ndi kuchidula pakati. Kunena za nthawi, ola limodzi tsiku lililonse limapindula kuposa tsiku lathunthu kamodzi pa sabata, chifukwa mukasiya code (malamulo amene mumalembera kompyuta) kwa masiku ambiri mumataya nthawi yochuluka pokumbukira pamene munalekezera.

Dongosolo lanu liyeneranso kulemekeza mmene moyo ulili kuchigwa kuno. M’miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika mpaka kupitirira madigiri 40, ndipo laputopu yakale ikatentha imayamba kuchedwa kapena kuzima yokha, makamaka ngati fumbi ndi phulusa la nzimbe zootchedwa zatseka malo olowera mpweya. Ikani ola lanu lophunzirira m’mamawa kusanatenthe, laputopu ikhale patebulo osati pamkeka kapena pabedi, ndipo muziipukuta m’malo opumira. Za magetsi simukufunika kuuzidwa, pakuti mukukumbukira kuti namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuzima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yoposa chaka. Choncho khalani ndi ntchito za mitundu iwiri: zofuna laputopu, ndi zotheka ndi kope ndi bolopeni, monga kujambula masamba, kulemba mafunso a SQL pamanja ndi kulondola code mzere ndi mzere kuti muone chimene ingatulutse. Pa nkhani ya bandulo, kuwerenga kumadya zochepa kwambiri poyerekeza ndi vidiyo. Buku lofotokoza PHP limatheka kulikopera pa laputopu, webusaiti ya DevDocs imalola kusunga zolembedwa za HTML, CSS ndi JavaScript kuti muziwerenga popanda intaneti, ndipo webusaiti ya MDN ya Mozilla ndi malo odalirika owerengapo za zinthu zomwezi pamene mwalumikizidwa.

Pali chida chimodzi chimene ndikufuna muchiyambe sabata yoyamba yomwe, ndicho Git, chimene Linus Torvalds analemba mu 2005. Git imasunga mbiri ya kusintha kulikonse kumene mwapanga, imagwira ntchito popanda intaneti, ndipo imakulolani kubwerera pamene zinthu zinali bwino mukaononga kanthu. Mukapeza netiweki mumatumiza ntchitoyo ku GitHub, webusaiti yosungirako code, ndipo popeza code ndi mawu chabe, kutumizako sikudya bandulo yooneka. Kwa munthu wa kuchigwa, kumene madzi osefukira a 2015, a 2019, a Ana ndi a Freddy mu Malichi 2023 analowa m’nyumba za anthu ambiri, kusunga ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi pa laputopu imodzi yokha ndi kuika thukuta lanu pachiswe. Mbiri ya pa GitHub idzakhalanso umboni wanu tsiku lofunsira ntchito.

Zovuta za kwanu zomwezi zingasanduke luso limene ena alibe. Anthu amene adzagwiritse ntchito masamba anu ali ndi mafoni otsika mtengo ndipo ena amakhala kumene netiweki imabwera n’kumachoka. Dziikireni cholinga chakuti tsamba lililonse la kaundula wanu lisalemere kuposa makilobaiti mazana awiri. Mu Chrome, mukadina F12 n’kupita pa Network, mumaona kulemera kwa fayilo iliyonse ndipo mungathe kuchedwetsa dala intaneti kuti muone mmene tsambalo lingatsegukire pa netiweki yofooka. Mukadzafika patsogolo, phunzirani kusunga zimene mlembi walemba pa foni pomwepo pogwiritsa ntchito localStorage kapena IndexedDB (njira zimene tsamba limasungira zinthu mu foni momwemo), kuti zizitumizidwa netiweki ikabwerera. Mabungwe ogwira ntchito za ulimi, zaumoyo ndi za ngozi zogwa mwadzidzidzi m’maboma a Chikwawa ndi Nsanje amasonkhanitsa uthenga m’midzi momwe muli mavuto omwewa.

Za chitetezo sindingazichepetse, chifukwa mukugwira mayina ndi ndalama za anthu. Musanapereke pulogalamu kwa aliyense, zinthu zitatu zikhale zitatheka: mafunso onse opita ku database alembedwe ndi prepared statements (njira yolekanitsa funso ndi zimene munthu walemba pa fomu) kuti munthu asalowetse malamulo ake kudzera pa fomu, mawu achinsinsi asungidwe kudzera mu password_hash ya PHP, imene imawasokoneza kuti asawerengeke, osati monga mmene munthu wawalembera, ndipo webusaiti ikhale pa HTTPS (njira yobisa uthenga ukamayenda pa intaneti), imene masiku ano imapezeka mwaulere kudzera ku Let’s Encrypt. Pa GitHub musaikepo mayina enieni, manambala a foni kapena ngongole za mamembala; poyesera gwiritsani ntchito mayina opeka. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 loyang’anira zochitika za pa intaneti komanso lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, ndipo wopanga mapulogalamu ayenera kudziwa kuti malamulo amenewa akumukhudza.

Tsiku ndi tsiku mudzakumana ndi zolakwika, ndipo mmene mumazichitira ndimo mmene luso lanu lidzakulire. Uthenga wofiira ukatuluka, uwerengeni wonse modekha, pakuti kawirikawiri umatchula fayilo ndi mzere pamene pavuta. Limbanani nalo vutolo nokha kwa theka la ola musanafunse kwina, ndipo mukalithetsa lembani m’kope chimene chinalakwika ndi chimene chinakonza. Zida monga ChatGPT n’zothandiza pa kufotokoza uthenga umene simukuumvetsa, koma pa nthawi ino ya kuphunzira musazilole kukulemberani gawo lonse, ndipo mzere uliwonse umene simungaufotokoze ndi pakamwa panu usalowe mu pulogalamu yanu. Dziwaninso kuti mauthenga amenewa ndi mabuku a ntchitoyi ali m’Chingerezi, choncho kuwerenga tsamba limodzi la MDN tsiku lililonse kukhale mbali ya zolinga zanu.

Kuphunzira nokha kuli ndi malire, chifukwa pali zizolowezi zoipa zimene munthu sazidziwa mpaka wina atamuuza. Pezani munthu mmodzi wodziwa kuposa inu, kaya wophunzira za makompyuta ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo, kaya wina amene mwamudziwa kudzera ku ICTAM (bungwe la akatswiri a makompyuta) kapena ku mHub (malo othandiza achinyamata pa luso la makompyuta), ndipo kamodzi pa mwezi mumutumizire ntchito yanu ndi funso limodzi lolunjika. Munthu wotanganidwa savutika kuyankha funso lakuti “kodi matebulo awiriwa ndawalumikiza bwino?”, pamene pempho lakuti “ndiphunzitseni” nthawi zambiri limangokhala osayankhidwa.

Kuti mudziwe ngati mukukuladi, dziyeseni ndi mayeso amodzi omwewo kumapeto kwa mwezi uliwonse. Zimitsani intaneti, tsegulani foda yopanda kanthu, ndipo kwa maola awiri yesani kupanga fomu yolandira dzina ndi ndalama, yosunga zimenezo mu database, ndi tsamba loonetsa mndandanda pamodzi ndi chiwonkhetso. Mwezi woyamba mwina mudzathera pa fomu yokha. Lembani pamene mwalekezera ndi chimene chakuimitsani, ndipo chimenecho chikhale cholinga cha sabata yotsatira. Mayeso amenewa ndi oona mtima kuposa chiwerengero cha mavidiyo amene mwaonera kapena masatifiketi a pa intaneti, chifukwa akuyeza ndendende chimene munadandaula nacho m’funso lanu.

Nanga React ndi zinzake zidzabwera liti? Zidzabwera pamene ntchito yanu yayamba kuzifuna. Mukadzaona kuti pa pulojekiti yachiwiri mukulembanso zomwe zija za kulowa ndi mawu achinsinsi, kufufuza mafomu ndi kulumikiza masamba, nthawi ya Laravel (chida cha PHP chokhala ndi zigawo zimenezi zokonzedwa kale) yakwana, ndipo mudzaimvetsa msanga chifukwa mudzadziwa vuto limene gawo lililonse likuthetsa. Mukadzaona kuti tsamba lanu lili ndi zigawo zambiri zosintha nthawi imodzi moti JavaScript yanu yayamba kupiringizana, pamenepo ndi pamene React ili ndi tanthauzo. Mwezi wachisanu ndi chimodzi ukamatha, sonkhanitsani zotsatsa ntchito za opanga mawebusaiti zimene zikutuluka m’nyuzipepala ndi pa intaneti, muone chida chimene chikutchulidwa kawirikawiri, ndipo chimenecho ndicho musankhe. Pulojekiti yachiwiriyo ikhale yolipidwa ngakhale ndalama zake zikhale zochepa, monga tsamba la malo ogona alendo opita ku Majete kapena ku Lengwe, kapena kaundula wa fizi pa sukulu ina yoyendetsedwa ndi anthu wamba, ndipo musanayambe mugwirizane polemba za zimene mudzapange, tsiku lomaliza, mtengo wake, ndi amene azidzalipira malo osungira webusaitiyo chaka ndi chaka.